Mabuku a makanda pa papelaria ina ya ku Ulongwe: oyenera kugula ndi oyenera kuwasiya

Papelaria ina ya kufupi ndi msika wa ku Ulongwe, imene ambiri timaidziwa chifukwa cha makope, zolembera ndi fotokope, yayamba kugulitsa mabuku a zithunzi a makanda ndi ana osakwana zaka zitatu. Kwa munthu wa ku Maputo kapena ku Beira nkhani imeneyi ingaoneke yaing'ono, koma kuno ku Angónia, kumene ana ambiri amagwira buku koyamba akalowa kalasi yoyamba ali kale ndi zaka 6, shelefu imodzi ya mabuku a makanda ndi chinthu choyenera kuchikamba. Ine ndine mayi wa mwana wa chaka chimodzi ndi miyezi ingapo, ndiponso ndimathandiza kusamalira ana pa escolinha (sukulu ya mkaka) ya mpingo wathu, choncho mabuku a pa shelefu imeneyi ndawagula, ndawaika m'manja mwa ana, ndipo ndaona amene apirira ndi amene atha msanga. Sitoloyi ndi yoyenera kupitako, koma kholo lisalowemo ndi maganizo akuti buku lililonse lokongola ndi loyenera mwana wake, chifukwa mabuku amene amakopa kwambiri maso a munthu wamkulu nthawi zambiri ndi amene khanda silipindula nawo.

Mabukuwa ali kuseri kwa kauntala, pamwamba pa mapaketi a mapepala, ndipo ambiri ali m'timatumba ta pulasitiki towateteza ku fumbi la pamsewu, lomwe m'chilimwe limalowa paliponse. Kusamala kumeneku n'komveka, ngakhale kuti buku la mwana silisankhidwa poyang'ana chikuto chokha. Chimene ndikuwayamikira nacho eni sitoloyi n'chakuti munthu akapempha, amatsitsa mabukuwo, kumasula timatumbato ndi kumulola kutsegula tsamba lililonse, ngakhale pomaliza atapanda kugula. Nditawafunsa ngati sindikuwachedwetsa, bambo eni sitoloyo anandiyankha kuti, "Mayi, onani bwinobwino, ndalama ndi yanu ndipo mwana ndi wanu." Mwayi umenewu ndi wofunika kuugwiritsa ntchito, ndipo ngati mwana mwamubereka, mutsitseni ndi kumuonetsa tsamba limodzi kapena awiri bukulo lili m'manja mwanu, kuti muone ngati maso ake akukhazikika pa chithunzicho kapena akungothawira kwina.

Ambiri mwa mabuku a pa shelefuyi ndi a masamba a katoni yochindikala, aja amene tsamba lake silipindika m'dzanja la mwana. Amenewa ndiwo oyenera kuyambira pamene mwana wayamba kugwira zinthu, cha pa miyezi 5 kapena 6, mpaka atakwanitsa zaka ziwiri kapena kupitirira pang'ono. Chifukwa chake chili m'kakulidwe ka mwanayo. Pa msinkhu umenewu chilichonse chimene wagwira chimapita kukamwa, makamaka mano akayamba kumera cha pa miyezi 6 nkhama zikumuyabwa, ndipo zala zake sizinafike pogwira pepala lopyapyala popanda kulifinya kapena kuling'amba. Tsamba lochindikala amatha kulikankha ndi chikhatho, ndipo akamayandikira chaka amayamba kutembenuza yekha, masamba awiri kapena atatu nthawi imodzi. Mayi asakhumudwe akaona mwana akuluma buku m'malo moyang'ana zithunzi, komanso asamulande, popeza mwana wa msinkhu umenewu amadziwa chinthu ndi pakamwa asanachidziwe ndi maso.

Komabe katoni ya mabukuwa si yofanana, ndipo apa ndi pamene wogula ayenera kuchedwapo. Pali timabuku ting'onoting'ono, ta kukula kwa chikhatho cha munthu wamkulu, ta ngodya zozungulira ndi masamba osalala omatidwa bwino mpaka m'mphepete, topanda waya uliwonse pamsana. Timeneti ndi tabwino kwambiri mwa mabuku onse a m'sitoloyi. Kamodzi mwa ito kakhala pa escolinha yathu kuyambira nyengo ya mvula yapitayi, kalumidwa ndi ana osiyanasiyana, kagwera m'phala, kapukutidwa ndi kansalu konyowa nthawi zosawerengeka, koma zithunzi zake zikuonekabe ndipo masamba ake sanalekane. Palinso ena okulirapo, otsika mtengo pang'ono, amene chikuto chake chimawala kuposa cha timabuku tija, koma katoni yake ya m'kati ndi yotuwa ndi yofewa. Limodzi la mtundu umenewu, mwana atangoyamwa ngodya yake kwa kanthawi, linafufuma n'kuyamba kusendeka ngati makoko a anyezi, ndipo ndinachita kumuchotsa zinyenyeswa zotuwa m'kamwa ndi chala. Kusiyanitsa mitundu iwiriyi sikovuta. Yang'anani bukulo cham'mbali kuti muone ngati katoniyo ndi yothinana kapena ya mipata, kandani pang'ono ngodya ya tsamba ndi chikhadabo kuti muone ngati pepala la chithunzi likunyamuka, litseguleni lonse kuti muone ngati msana ukung'aluka, ndipo linunkhizeni. Buku lonunkha kwambiri penti kapena guluu libwezeni, chifukwa lidzathera m'kamwa mwa mwana.

Kulimba kwa buku ndi mbali imodzi chabe, ndipo mbali imene ndimaiona kuti makolo ambiri amailumpha ndi ya zithunzi. Mwana wosakwana zaka ziwiri amafuna chinthu chimodzi pa tsamba, chachikulu, chooneka chonse kuyambira kumutu mpaka kumiyendo, ndipo kumbuyo kwake kukhale koyera kapena kwa mtundu umodzi. Mabuku angapo a pa shelefuyi amadzaza tinthu tambirimbiri pa tsamba limodzi, kalikonse ndi dzina lake m'munsi, ndipo kholo limaona ngati likupeza zochuluka pa ndalama yomweyo. Koma mwana wa miyezi 10 akapatsidwa tsamba lotere sadziwa poika maso, ndipo mayi akaloza kanthu kamodzi chala chake chimaphimba tina tiwiri. Mabuku otere ali ndi nthawi yake, mwana akafika zaka zitatu n'kuyamba kukonda masewera ofunafuna chinthu chobisika pa tsamba, koma kwa khanda ndi kutaya ndalama.

Chachiwiri n'chakuti chithunzicho chikhale cha chinthu chimene mwana angakumane nacho akatuluka pakhomo. Mwana wanga ali ndi kabuku ka ziweto kamene ndinagula pomwepa, ndipo mwa masamba ake onse pali limodzi lomwe lada ndi zala, la mbuzi. Akalitsegula amaika chala pamphuno pa mbuziyo, amati "mee", kenako amatembenukira kukhola limene lili kuseri kwa nyumba n'kulozanso komweko, n'kundiyang'ana kuti ndivomereze. Kuloza kumeneku, komwe ana ambiri amakuyamba cha pakati pa miyezi 9 ndi chaka, ndiko kumatsegula njira ya mawu, chifukwa mwana amaloza, wamkulu amatchula dzina, ndipo mwana amagwirizanitsa chithunzi, chinthu chenicheni ndi mawu. Pa tsamba lotsatira la kabuku komweko pali nkhumba, kenako tambala, ndipo zonsezi amazilandira ndi chimwemwe. Koma buku lina limene tinalilandira ngati mphatso, lochokera pa shelefu yomweyi, lili ndi chimbalangondo choyera, munthu woumbidwa ndi chipale chofewa ndi nyama za m'nyanja zimene ngakhale agogo ake sanazionepo, ndipo masamba amenewa amawadutsa osaima. Sindikunena kuti mwana wa ku Angónia asadzadziwe za kumaiko ozizira, ayi, nthawi yake idzafika. Koma pa chaka chimodzi akusowa nkhuku, ng'ombe, galu, mphaka, njinga, ngolo, chidebe, kapu, nthochi, chimanga, mbatatesi ndi nkhope za anthu. Mwana wa ku Moatize, amene amaona sitima za malasha tsiku ndi tsiku, adzasangalala ndi tsamba la sitima kuposa wathu wa kuno amene amadziwa ngolo ya ng'ombe, ndipo n'chifukwa chake kholo ndilo liyenera kusankha, osati wogulitsa.

Pa nkhani ya nkhope, ndinayang'ana mabuku onse okhala ndi zithunzi za ana, ndipo ochepa okha ndi amene ali ndi ana akuda. Makanda amakonda kuyang'ana nkhope kuposa china chilichonse, makamaka nkhope za makanda anzawo akuseka, akulira, akudya kapena akugona. Zimandikhudza mtima kuti mwana wathu aone m'buku loyamba la moyo wake kuti anthu a m'mabuku safanana ndi iye, ndi amayi ake kapena ndi mlezi wake. Eni sitolo sanachite dala, amagula zimene apeza kwa amene amawaodetsa, koma kusowa kumeneku n'kwenikweni ndipo kuyenera kunenedwa.

Vuto lalikulu la shelefuyi ndi chinenero. Mabuku onse a katoni ndi a Chipwitikizi kapena Chingelezi, ndipo palibe ngakhale limodzi la Chichewa, kapenanso la Chinyungwe limene abale athu a mumzinda wa Tete angalifune. Kalembera wa 2017 anasonyeza kuti anthu a m'dziko lino la Mozambique amene Chipwitikizi ndi chinenero chawo choyamba sakwana mmodzi mwa anthu asanu alionse, ndipo kumidzi ya kuno kwathu mwana amaleredwa m'Chichewa kuyambira kubere. Boma linazindikira kale kuti mwana amaphunzira bwino m'chinenero cha kwawo. Pakati pa 1993 ndi 1997 panachitika ntchito yoyesa kuphunzitsa m'zinenero ziwiri yotchedwa PEBIMO, imene inagwiritsa ntchito Chinyanja m'chigawo chathu chino cha Tete ndi Chishangana ku Gaza, ndipo kuyambira 2003 maphunziro otere analowa m'sukulu zina za boma. N'zomvetsa chisoni kuti zaka zonsezi zadutsa koma mwana wa m'manja sanapezebe kabuku kolimba ka chinenero chake pa shelefu ya sitolo ya kwawo.

Ngakhale zili choncho, mayi asasiye kabuku kabwino ka ziweto chifukwa chakuti pansi pa chithunzi palembedwa Chipwitikizi. Khanda siliwerenga zilembo, limamva mawu a amene walinyamula. Mukatsegula tsamba, tchulani chinthucho m'Chichewa, lirani ngati nyamayo, funsani kuti "Ali kuti tambala?" ndipo dikirani kuti mwana aloze. Chimene ndimalangiza makolo a pa escolinha yathu n'chakuti asankhe mabuku a mawu ochepa kwambiri, liwu limodzi pa tsamba kapena opanda mawu n'komwe, chifukwa amenewa aliyense pakhomo angathe kuwerengera mwana. Apongozi anga sanapite patali ndi sukulu, ndipo buku la mizere yambiri ya Chipwitikizi amaliika pambali n'kunena kuti limenelo ndi la amayi ake. Koma akatenga kabuku ka zithunzi zokha amakhala pamphasa, kumuika mdzukulu wawo pamiyendo, n'kuyamba ndi "Padangokhala", ndipo ana a pafupi amene abwera kudzasewera amavomera kuti "Tili tonse". Kuchokera pa chithunzi cha kalulu mmodzi amatulutsa nthano yathunthu, ndipo mawa lake pa chithunzi chomwecho amatulutsa ina. Buku limene agogo, mlezi ndi mkulu wake wa mwana angaligwiritse ntchito onse limatsegulidwa kangapo patsiku, pamene limene likudikira munthu wodziwa Chipwitikizi limagona m'sutikesi.

Za makanda ongobadwa kumene sindichulutsa. Sitoloyi ili ndi kabuku kotambasuka ka zithunzi zakuda ndi zoyera, koti mungakaimike pamphasa pafupi ndi mwana. Maganizo ake ndi olondola, popeza khanda la masabata oyambirira limaona bwino zinthu zimene zili pa mtunda wa masentimita 20 mpaka 30, womwe ndi mtunda wochokera pabere kufika pankhope ya amayi ake, ndipo limakopeka ndi mitundu yosiyana kwambiri, pamene kuona bwino mitundu yonse kumakhwima cha m'miyezi 5. Koma ntchito ya kabukuka imatha m'miyezi yochepa, ndipo nkhope ya mayi ndi maluwa a chitenje chake zimagwira kale ntchito yomweyo. Amene ndalama zawavuta angathe kukadumpha popanda kumumana mwana kanthu. Mabuku a nsalu ndi othandiza kuposa pamenepa chifukwa amachapika, ngakhale kuti limodzi limene ndinaliona linali ndi maso a nyama omata, amene ndinawagwedeza ndi chala n'kumva kuti sadzachedwa kuchoka. Telala aliyense wa pamsika angathe kusoka buku lotere ndi zidutswa za zitenje, malinga mwamuuza kuti asaikepo mabatani kapena mikanda.

Amene ndikuchenjeza nawo mwamphamvu ndi mabuku oyimba, aja okhala ndi mabatani apambali amene ukadina pamalira nyimbo kapena nyama. Ndiwo aikidwa patsogolo, ndiwo okwera mtengo kuposa onse, ndiponso ndiwo amene mtsikana wothandiza m'sitoloyo amayamba kuwatsitsa. Kwa ine anati, "Amayi, ili ndiye labwino, mwana amangosewera nalo yekha." Mawu amenewo ndiwo akulongosola vuto lake loyamba, chifukwa mwana akapeza batani sayang'ananso chithunzi kapena nkhope ya amene ali naye, amangodina mpaka batire litatha, ndipo likatha bukulo salifunanso. Vuto lachiwiri ndi loopsa. Ambiri mwa mabuku amenewa amayendera timabatire tating'ono tophwatalala, ta mtundu umene umaikidwa mu wotchi ya pamkono. Mwana akameza kabatire kotere n'kukakamira kummero, kamatha kuwotcha mnofu kwambiri m'maola awiri okha, ndipo chofunika pamenepo ndi kuthamangira naye kuchipatala nthawi yomweyo, osadikira kuti katuluka kokha. Tikaganizira mtunda umene mayi wa kumidzi ya ku Domwe kapena ku Tsangano angayende kuti afike kuchipatala chachikulu, chiopsezo chimenechi n'chosayenera kuchilowetsa m'nyumba. Pa mabuku oyimba amene ndinawatembenuza, ena chotsekera batire chake n'chomangidwa ndi sikuluu, koma ena chimangotsetsereka ndi chala, ndipo amenewa sayenera kugulitsidwa kwa ana n'komwe. Ndinawaonetsa eni sitolo kusiyana kumeneku, ndipo anamvetsera mwachidwi n'kuwachotsa patsogolo. Yang'ananinso kuchikuto chakumbuyo ngati pali chizindikiro cha nkhope ya khanda ndi manambala 0-3 m'kati mwa mzere wofiira wozungulira wodulidwa pakati, chifukwa chimatanthauza kuti chinthucho si choyenera mwana wosakwana zaka zitatu.

Mabuku a timakomo ta pepala totsegula, tobisa chithunzi kuseri, ana amawakonda kwambiri, koma a m'sitoloyi timakomo take ndi topyapyala ndipo mwana wa chaka amatithothola tsiku loyamba. Adikire mpaka mwana atapitirira zaka ziwiri, ndipo ngakhale pamenepo bukulo likhale m'manja mwa wamkulu. Chimodzimodzinso timabuku ta a, e, i, o, u ta mapepala opyapyala omangidwa ndi timawaya pamsana, timene makolo ena amagulira mwana wa chaka chimodzi poganiza kuti akayamba msanga adzakhala wanzeru kusukulu. Mwana wa msinkhu umenewu safuna zilembo, ndipo timawayato tikamasuka timabaya zala ndi milomo.

Mtsikana wa m'sitolo uja ndi waulemu ndi wochangamuka, ndipo sindikumuimba mlandu, koma zikuoneka kuti sanauzidwe kuti buku liti ndi la msinkhu uti. Pocheza anandiuza kuti makolo ena akamva mtengo amanena kuti foni ndi yokwanira, popeza muli zithunzi ndi nyimbo zaulere. Ndinamuuza kuti, "Achemwali, muziwakumbutsa kuti foni siyankha mwana akaloza." Malangizo amene bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linatulutsa mu 2019 amanena kuti mwana wosakwana zaka ziwiri asamakhazikidwe pansi kuti aziyang'ana foni kapena wailesi ya kanema, kuti wa zaka ziwiri mpaka zinayi asapitirire ola limodzi patsiku, ndiponso kuti nthawi imene mwana wakhala phee ndi bwino wamkulu amuwerengere kapena amusimbire nthano. Wogulitsa mabuku a ana akadziwa zimenezi amathandiza kholo kusankha bwino, ndipo ndikukhulupirira kuti eni sitolo akanapatula nthawi yowaphunzitsa antchito awo, malonda omwewo akanayenda.

Mitengo ndi yolemera kwa banja la mlimi, ndipo palibe chifukwa chobisira. Kabuku kakang'ono kolimba kaja mtengo wake ukufanana ndi wa chitenje chabwino, pamene oyimba aja amauwirikiza kangapo. Amalandira ndalama ya m'manja komanso ya pa M-Pesa ndi e-Mola, ndipo munthu akagula angapo nthawi imodzi, monga timachitira a escolinha, amachotserako pang'ono. Pa kaunjika wa pamsika nthawi zina pamapezeka mabuku a katoni a Chingelezi amene amabwera pamodzi ndi zidole, pa mtengo wotsika kwambiri, ndipo ena amakhala olimba ndithu, koma muyenera kuonetsetsa kuti alibe nkhungu ndiponso muwapukute ndi kansalu ka sopo n'kuwaumitsa pamthunzi asanafike kwa mwana. Amene amawoloka malire pa Calomue kupita ku Dedza kapena ku Lilongwe amabwerako ndi mabuku a Chichewa, koma amene ndawaonapo ndi a mapepala opyapyala, olembedwera ana a sukulu, oyenera kuwerengera mwana wa zaka zitatu kapena zinayi bukulo lili m'manja mwa kholo.

Chinthu chimene chandisangalatsa kwambiri m'sitoloyi sichili pa shelefu ya mabuku, koma pa tebulo la kumbuyo pamene pali kompyuta, makina osindikizira ndi makina okutira mapepala ndi pulasitiki, omwe ambiri timawadziwa pokutitsa ziphaso. Ndi makina amenewa kholo lingathe kupangira mwana wake buku la Chichewa limene silikupezeka m'sitolo iliyonse. Pa intaneti pali webusaiti ya African Storybook, imene bungwe la Saide la ku Johannesburg linaitsegula mu 2014, yokhala ndi nthano za zithunzi m'zinenero zambiri za mu Africa kuphatikizapo chathu, ndipo nthanozo anazigawa m'magawo kuyambira za mawu oyamba. Palinso Book Dash ya ku Cape Town, imene inayambanso mu 2014, ndipo ena mwa mabuku ake alibe mawu n'komwe. Mabuku a malo awiriwa ali ndi chilolezo cha Creative Commons, kutanthauza kuti munthu angathe kuwakopera, kuwasindikiza ndi kuwamasulira popanda kulipira. Zithunzi zake zambiri ndi za ana akuda, midzi, misika ndi ziweto zonga zathu. Mukasankha buku mumalitumiza pa WhatsApp ya sitolo, amalisindikiza la mitundu, ndipo tsamba lililonse amalikutira ndi pulasitiki. Mudzaona kuti ena analembedwa ndi "ch" monga amalembera ku Malawi, pamene m'mabuku a sukulu za kuno amalemba "c" yekha, koma kwa mwana amene akungomvetsera zimenezi sizisintha kanthu.

Njira yomweyi ndinaigwiritsa ntchito posindikiza zithunzi za mufoni yanga, ndipo buku limeneli ndilo mwana wanga amalikonda kuposa onse ogula. Muli agogo ake atanyamula lichero, bambo ake ali panjinga, mbuzi yathu, mtondo ndi munsi, chidebe chimene amasambiramo ndi kapu yake. Pansi pa chithunzi chilichonse ndinalemba liwu limodzi ndi cholembera chakuda tsambalo lisanakutidwe. Akafika pa tsamba la agogo ake amaliwomba ndi chikhatho n'kuyamba kuwaitana, ndipo ngati ali pafupi amawatengera bukulo kuti adzione.

Ntchito imeneyi ili ndi zofooka zake zimene muyenera kuzidziwa musanalipire. Pulasitiki yokutira ikatuluka m'makina imakhala ndi ngodya zakuthwa zoti zingacheke mwana kumaso, ndipo a m'sitolo sazidula pokhapokha mutawauza, choncho pemphani sizasi kuti ngodya zonse zizunguliridwe musanachoke. Podula siyani mphepete ya pulasitiki kuzungulira pepala lonse, chifukwa mukadula mpaka kufika papepala, dovu limalowa ndipo chithunzi chimasungunuka. Pomanga masamba amathamangira kuika waya wopota uja wa mabuku a malipoti, koma umenewu mwana amaukoka n'kuuwongola, choncho ndi bwino kuwapempha kuti angoboola mabowo m'mphepete ya pulasitiki, inu mukasoke nokha ndi ulusi wolimba, mfundo zake zikhale zothina ndipo pasatsale chingwe cholendewera. Inki ikatsala pang'ono kutha zithunzi zimatuluka ndi mizere ndipo nkhope zimaoneka zobiriwira, ndiye pemphani kuona tsamba loyamba asanasindikize onse. Popeza mtengo umawerengedwa pa tsamba, buku la masamba asanu kapena asanu ndi limodzi ndi lokwanira mwana wa chaka, ndipo kusindikiza zithunzi ziwiri pa pepala limodzi n'kulidula pakati musanakutire kumachepetsa ndalama komanso kumapereka kukula koyenera manja aang'ono. Kumayambiriro kwa chaka, sukulu zikamatsegulidwa, tebulo limeneli limadzaza ndi ofuna fotokope, ndipo magetsi akazima ntchito yonse imaima, choncho si nthawi yabwino yopitira ndi ntchito yofuna kudekha ngati imeneyi.

Buku likafika kunyumba lisatsekeredwe m'sutikesi podikira kuti mwana akule. Liikeni m'kadengu kapena m'beseni louma pamene mwana angalifikire akamakwawa, koma usiku lichotseni pansi chifukwa cha chiswe ndi chinyezi cha nyengo ya mvula, chomwe kuno kumapiri chimafufumitsa katoni. Abale a mumzinda wa Tete, kumene kutentha kwa mu Okutobala ndi Novembala kumapitirira madigiri 40, asalisiye padzuwa kapena pafupi ndi malata, popeza guluu amafewa ndipo masamba amalekana.

Kwa kholo limene lili ndi ndalama ya buku limodzi lokha, ndinganene kuti ligule kabuku kakang'ono ka katoni yothinana ka ziweto kapena ka zinthu za pakhomo, ka chithunzi chimodzi pa tsamba, ndipo ndalama ina ikadzapezeka lipite ku tebulo la kumbuyo kukasindikiza zithunzi za banja lake. Ndinawapempha eni sitolo kuti afunefune mabuku a katoni a Chichewa ndi ena okhala ndi nkhope za ana akuda, ndipo anandiuza kuti amene amawaodetsa alibe, koma makolo akamafunsa kawirikawiri iwo adzakhala ndi mphamvu yokafunsanso. Choncho aliyense wopita kumeneko afunse, ngakhale akudziwa kuti yankho likhala lakuti palibe. Timabuku ta ngodya zozungulira tija timabwera tochepa ndipo sitikhalitsa pa shelefu, moti amene akuchokera kutali, monga ku Domwe kapena ku Tsangano, ndi bwino atume wachibale wa ku Ulongwe kukaona ngati tilipo asanalipire chapa (minibasi).